Montessori sanayambe ndi ana a mabwana

Anthuni chimandiwawa ine ndikamaona dzina la Montessori litangosanduka chikwangwani cha sukulu zamkaka zodula, ngati kuti mayiyu ankaganizira ana a anthu olemera okha. Ayi ndithu.

Maria Montessori anabadwa mu 1870 ku Chiaravalle, ku Italy, ndipo anakakamira udokotala nthawi imene akazi samawerengeredwa nkomwe pa maphunziro amenewo, mpaka anamaliza mu 1896 pa yunivesite ya Rome. Ana oyamba kugwira nawo ntchito anali aja anthu anawataya, otsekeredwa m'zipatala za odwala misala. Akuti akatha kudya anawo ankakwawa pansi kutola nyenyeswa za buledi, wowayang'anira nkumati ndi adyera, koma iye anayang'ana chipinda chija chili mbee, chopanda kanthu koti mwana agwire, nkuzindikira kuti njala yake inali ya manja osati ya m'mimba. Pamenepa mpamene ndimamugomera mayiyu.

Pa 6 Januwale 1907 anatsegula sukulu yake yoyamba, Casa dei Bambini (kutanthauza Nyumba ya Ana), ku San Lorenzo, dera la amphawi mu Rome, makolo amalawirira kuntchito ana nkutsala okha akulembalemba m'makoma. Anawaikira timipando ndi timatebulo toti mwana anyamule yekha, mashelefu otsika, zilembo za sandipepa zoti azitsata ndi chala asanagwire choko, anawaphunzitsa ngakhale kumina bwinobwino! Ndipo ana a zaka 4 aja anayamba kulemba.

Dzulo ndimaonerera kamwana kanga ka zaka 3 kakulimbana ndi batani la malaya, lilime lili panja, kaphonya bowo kanayi konse, manja anga akuyabwa kuti ndingomangira tizipita. Ndinadzigwira. Litalowa kanandiyang'ana maso ali gwa, nkumasula kuti kayambirenso. Chimene Montessori ankalimbikira nchimenechi, kuti wamkulu aphunzire kudikira ndi kuonetsetsa, ndipo zimenezi sizifuna fizi.

Atasemphana ndi boma la Mussolini, yemwe ankalamulira dzikolo mwankhanza, anachoka ku Italy mu 1934, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inamutsekereza ku India komwe anakhala kuyambira 1939 mpaka 1946 akuphunzitsabe aphunzitsi, anamwalira mu 1952 ku Noordwijk, ku Netherlands, ali ndi zaka 81.

Ndiye sukulu ikalemba dzina lake pageti koma mkati ana a zaka 3 akhala pamzere tsiku lonse akubwereza zomwe aphunzitsi akukuwa, ine ndimakana, dzinalo alichotse basi.