Ubale wa India ndi Japan: nanga njanji ija ili pati?

Ndikuyankha nkhani imene munalemba pa ubale wa India ndi Japan. Nkhaniyo yafotokoza bwino kuti maiko awiriwa akufuna kulimbitsa ubale wawo, koma ndikuona kuti yatsindika kwambiri mawu a atsogoleri kuposa ntchito zooneka ndi maso. Ubalewu unakwezedwa kukhala mgwirizano wapadera m'chaka cha 2014, pamene nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, anakumana ndi Shinzo Abe, amene anali nduna yaikulu ya Japan, ku Tokyo, ngakhale mizu yake ndi yakale, pakuti kampani ya ku Japan ya Suzuki inayamba kupanga magalimoto limodzi ndi kampani ya ku India ya Maruti mu 1983, ndipo njanji ya Delhi Metro, imene inatsegulidwa mu 2002, inamangidwa ndi ngongole ya Japan.

Chimene ndikanakonda mukanachifufuza mozama ndi njanji ya sitima yothamanga kwambiri pakati pa mizinda ya ku India ya Mumbai ndi Ahmedabad, yotalika makilomita 508. Japan inavomera kupereka ngongole ya chiwongoladzanja cha 0.1 peresenti yokha, yobweza m'zaka 50, ndipo mwala wamaziko unaikidwa mu 2017, koma ntchitoyi inachedwa zaka zingapo chifukwa cha mikangano ya malo, makamaka ku Maharashtra, dera la India lomwe kuli Mumbai, kumene alimi ambiri sanafune kusiya minda yawo. Ine sindiwaimba mlandu alimiwo, chifukwa munda ndiwo moyo wa banja, ndipo maboma awiriwa anayenera kuwamva asanasainirane mapangano.

Tisabisenso kuti kukula kwa mphamvu za China ndiko kukukankhira India ndi Japan pamodzi, n'chifukwa chake onse ali m'gulu la maiko anayi lotchedwa Quad limodzi ndi United States ndi Australia.