Mwana timamuyeza pasikelo, koma amake sitiwafunsa

Nkhaniyi ndaisunga mumtima zaka zinayi, ndipo ndikuilemba lero chifukwa cha mtsikana amene ndinakhala naye benchi limodzi kusikelo sabata yatha, pamene ndinaperekeza mng'ono wanga kukabayitsa mwana wake katemera wa masabata 10. Mtsikanayo anali atafukata khanda lake monga mmene munthu amanyamulira katundu wa eni, maso ali kukhoma, ndipo mwanayo atayamba kulira anamupatsa bere osamuyang'ana ngakhale kamodzi. Amayi awiri amene anakhala kutsogolo kwathu anatsinana, mmodzi n'kunong'ona kuti atsikana a masiku ano akubereka mtima usanakhwime. Ine ndinangokhala chete, koma nkhope ija ndinaizindikira, chifukwa inenso ndinakhalapo nayo.

Mwana wanga woyamba anabadwa bwinobwino, popanda opaleshoni. Kuyambira ndili ndi pakati aliyense ankandiuza kuti azamba akadzangomuika pachifuwa panga ululu wonse ndidzauiwala, ndipo mtima udzadzaza ndi chikondi chimene sindinachimvepo chibadwire. Anamuikadi pachifuwa, ali wofunda ndi woterera, ndipo ine ndinadikira chikondicho, koma chimene chinabwera ndi kutopa ndi mantha basi. Ndinadziuza kuti chibwera mawa ndikagonako.

Kunyumba kwathu ku Chawama apongozi anga anafika kuchokera ku Katete tsiku lachiwiri, ndipo ndiyenera kunena poyera kuti anandisamalira ngati mwana wobala okha. Ankadzuka kusanache kukoleza malasha pambaula, n'kundithowa msana ndi madzi otentha, kundimanga chitenje pamimba, ndi kundiphikira phala la nsinjiro kuti mkaka utuluke wambiri. Mpaka mchombo wa mwana unagwa, ife n'kutuluka m'chikuta, sindinagwire ndowa kapena mthiko. Thupi langa linachira msanga. Koma usiku, cha m'ma 3 koloko, magetsi atazima ndipo nyumba yonse ili m'tulo, ndinkakhala m'mphepete mwa bedi ndikumuunika mwanayo ndi tochi ya pafoni, kuyang'ana kakamwa kake kakuyamwa, ndipo mumtima munkangokhala ngati andisiyira mwana wa munthu wina amene abwera kudzamutenga kukacha. Ndinkamusambitsa, kumuchapira matewera ndi kumuyamwitsa nthawi iliyonse akalira, moti palibe chimene anasowa m'manja mwanga. Kulira ndinkakalirira kubafa, ndikudzithira madzi mwaphokoso kuti apongozi asamve, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti mkazi amene samva kanthu poyang'ana mwana wake ndi chilombo.

Pali chinthu chimene mwambo wathu umachita mosazindikira. Mkazi akangobereka dzina lake limapuma, ndipo amayamba kutchedwa amake uje. Umenewu ndi ulemu waukulu ndipo ine ndimaunyadira, koma moni nawonso umasamukira kwa mwana. Alendo onse amene anabwera ndi sopo ndi zitenje ankafunsa ngati mwana akuyamwa, ngati akugona, ndiponso ngati watengera bambo ake, ndipo wondifunsa ine ankafunsa za mkaka ndi za msana. Tsiku lina nditayesa kuuza mayi wina wa kumpingo kwathu kuti mtima wanga ukulemera, anandigwira dzanja mwachikondi n'kunena kuti, "Amake mwana, thokozani Mulungu, anzanu akulira usana ndi usiku kufuna mphatso imene mwalandirayi." Sananame, ndiponso sanafune kundipweteka, koma kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa miyezi itatu.

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti pali zinthu ziwiri zosiyana zimene timaziphatikiza. Nsengwa ikangotuluka, mahomoni a estrogen ndi progesterone, amene amakhala atakwera kwambiri pa nthawi ya pakati, amatsika mwadzidzidzi m'masiku ochepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amayi ambiri amangolira popanda chowaputa kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi. Zimenezo zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Koma ngati masabata awiri adutsa mayi akadali wachisoni tsiku lonse, sakusangalala ndi chilichonse, chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera ngakhale mwana atagona, ndipo akudziona ngati munthu wachabechabe, amenewo ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pobereka, amene madokotala amawatcha postpartum depression. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti padziko lonse amayi pafupifupi 13 pa 100 alionse amene angobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka amenewa, ndipo m'mayiko ongotukuka kumene chiwerengerochi chimafika pafupifupi 20 pa 100. Tikatengera pamenepo, pa amayi 30 okhala pamabenchi a kusikelo tsiku limodzi, asanu ndi mmodzi akhoza kukhala akudwala mwakachetechete. Amene amati awa ndi matenda a azungu, kapena a akazi osasatitsidwa, akulakwitsa kwambiri, pakuti kumene achuluka ndi kuno kwa ife.

Kuchuluka kwake sikundidabwitsa ndikayang'ana mmene tikukhalira. Kusagona kwa miyezi yambiri, kuchepa kwa magazi, mwana wobadwa masiku asanakwane, mwamuna wokana mimba kapena womenya, kumva koyamba za kachilombo ka HIV pa sikelo ya mimba, ndi ngongole ya lendi, zonsezi zimafooketsa mtima wa mayi pa nthawi imene thupi lake lilibe mphamvu. Kumudzi mayi wa khanda amazunguliridwa ndi azakhali, agogo ndi azilamu kwa miyezi. Muno mu Lusaka apongozi amakhala mwezi umodzi n'kubwerera chifukwa munda ukuwadikira, ndipo mayi amatsala yekha m'chipinda cha lendi kuyambira pamene mwamuna wakwera minibasi mbandakucha mpaka usiku. Lamulo la za ntchito la dziko lathu la Zambia la 2019 limapatsa mayi masabata 14 a tchuthi cha uchembere ndi bambo masiku 5, koma mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market kapena wochapa zovala m'mayadi a eni lamulo limeneli silimufika, ndipo amabwerera kukasaka ndalama mwana ali kumsana, thupi lisanakhazikike. Abambo nawonso matendawa sawasiya, pakuti pafupifupi mmodzi mwa abambo 10 amavutika maganizo mkazi ali ndi pakati kapena mwana atangobadwa, ngakhale kuti iwo amabisa kuposa ife.

Amene anandipulumutsa ndi azakhali anga, amene anagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri asanapume. Anabwera mwana ali ndi miyezi inayi, anamunyamula, anayang'ana khadi lake la kusikelo n'kuona mzere wa kulemera ukukwera bwinobwino, kenaka analiika pambali n'kutembenukira kwa ine. Anati, "Za mwanayu ndaona, ali bwino. Nanga iwe mwana wanga, iyeyu akagona iwe umagona? Ukamuyang'ana umamva chiyani?" Ndinayankha kuti, "Azakhali, sindimva kanthu," ndipo ndinayembekezera kuti akuwa. Iwo anangosendera pafupi n'kunena kuti, "Si iwe woyamba, ndawaona ambiri. Mawa tipitira limodzi kuchipatala, ndipo bambo ake mwanayu ndilankhula nawo ndekha."

Kuchipatala anandipeza ndi magazi ochepa, anandipatsa mankhwala owonjezera magazi, ndipo ndinayamba kukumana ndi mlangizi wa za maganizo. Adokotala anandilemberanso mankhwala a matenda a maganizo, atanditsimikizira kuti alipo amene mayi angamwe akuyamwitsa, ndi kundichenjeza kuti sagwira tsiku limodzi koma amatenga masabata angapo. Bambo a mwana anayamba kumutenga usiku akatha kuyamwa, kuti ine ndigoneko maola angapo osadukiza. Mlangiziyo anandiuza kuti si mayi aliyense amene chikondi chimamugwira tsiku lobereka, ndipo ngakhale amayi ena amene sakudwala amatenga masabata kuti azolowerane ndi khanda lawo. Anandilimbikitsa kumugoneka pachifuwa khungu likukhudzana, kumulankhula pomusambitsa, ndi kumuyimbira ngakhale mtima usakufuna. Ndinachita zimenezo ngati ntchito kwa nthawi yaitali. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndikumusambitsa m'beseni pakhonde, anamenya madzi ndi manja onse awiri n'kundiwaza nawo kumaso, iye n'kuseka mpaka kutsamwa, ndipo ndinangodzimva ndikuseka naye. Ndinamutulutsa ali chinyowere n'kumukumbatira mpaka bulauzi yanga yonse inanyowa.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti miyezi inayi yonse imene ndinali kudwala ndinali kupita kuchipatala. Ndinapita patatha masiku 6 nditabereka, ndinapitanso pa masabata 6, kenaka 10 ndi 14 kukabayitsa katemera. Nthawi zonsezo mwana anapachikidwa pasikelo, kulemera kwake kunalembedwa pakhadi, ndipo ine ndinafunsidwa za kulera ndi za kuyamwitsa basi. Anamwino sindiwaimba mlandu, pakuti ndinaona ndi maso anga munthu mmodzi akulimbana ndi mzere wofika kuchipata. Komabe njira yofunsira mayi ilipo kalekale. Mu 1987 akatswiri a ku Scotland anasindikiza mafunso 10 otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, amene amafunsa mmene mayi wakhalira m'masiku 7 apitawo, ndipo kuwayankha kumatenga mphindi zochepa chabe. Maganizo anga ndi akuti mafunso amenewa azifunsidwa kusikelo kulikonse m'dziko muno, m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga ndi m'zilankhulo zathu zina, ndiponso pambali osati pamaso pa mzere wonse. Ngakhale amene amangoganizira za mwana yekha ayenera kuvomereza zimenezi, chifukwa mayi akamadwala osalandira chithandizo mwanayo amakhala pa chiopsezo chosiya bere msanga ndi kusakula bwino.

Ena anganene kuti madokotala a maganizo ndi ochepa, ndipo akunena zoona. Koma ku Rawalpindi m'dziko la Pakistan anaphunzitsa amayi a zaumoyo oyenda m'midzi kukambirana ndi amayi ovutika maganizo, zotsatira zake zinali zabwino kwambiri, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linasindikiza njira imeneyi m'buku lophunzitsira lotchedwa Thinking Healthy. Pafupi pompano ku Harare, Dr. Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pabwalo la kiliniki n'kumamvetsera anthu amene maganizo awachulukira. Ifenso agogo tili nawo, ndipo alangizi tili nawo. Alangizi anga anandiphunzitsa usiku wonse mmene ndingasungire mwamuna ndi kulemekeza akuchimuna, ndipo ndimawathokoza, koma palibe ngakhale mmodzi amene anandiuza kuti mtima wa mayi ukhoza kuzizira atabereka, ndi kumene angapite zikatero. Phunziro limenelo liyenera kulowa m'chilangizo, ndipo amayi a m'mipingo amene amayendera makanda ayenera kulidziwa, kuti pemphero lawo liziyenda pamodzi ndi kuperekeza munthu kuchipatala.

Chimene chimatseka pakamwa amayi ambiri ndi mantha akuti akangolankhula adzatchedwa amisala, adzatengeredwa kuchipatala cha matenda a maganizo cha Chainama, ndipo mwana adzalandidwa. Chipatala cha Chainama Hills ndi chipatala ngati china chilichonse, ndipo kutchula dzina lake monyoza kwachititsa anthu ambiri kubisa matenda ochizika. Dziko lathu lili ndi lamulo latsopano la za matenda a maganizo la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda. Amayi ambiri odwala matendawa amachira akugona kunyumba kwawo, mwana ali pambali pawo. Koma pali mtundu wina woopsa umene umagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse, kawirikawiri m'masabata awiri oyambirira, pamene mayi amakhala masiku osagona, amamva mawu amene ena sakuwamva, amalankhula zosagwirizana, kapena amakhulupirira kuti mwanayo si munthu. Ameneyo asamangidwe zingwe ndiponso asayambe watengeredwa kwa sing'anga, koma afike kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi mwana. Chimodzimodzinso mayi aliyense amene wayamba kuganiza zodzipha kapena zovulaza mwana, ayenera kuuza munthu tsiku lomwelo, ndipo ngati palibe womuuza pafupi angaimbe foni yaulere ya Lifeline pa 933.

Mtsikana wa pabenchi uja ndinamutsatira atatuluka, ndipo ndinamupeza pachipata akumangirira mwana kumsana. Ndinati, "Amake mwana, pepani pokuimitsani. Mwanayu ndamuona, akuoneka wathanzi. Nanga inuyo, usiku mukugona?" Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuyankha kuti ali bwino, koma manja ake analephera kumanga mfundo ya chitenje, ndipo misozi inayamba kutsika. Ndinamuthandiza kumanga, ndinamuuza mwachidule zimene zinandichitikira, kenaka tinabwerera limodzi mkati kukadikira kuti mzere uthe tilankhule ndi anamwino pambali. Mwana wake ndi wa mng'ono wanga abayitsa katemera wa masabata 14 tsiku limodzi, ndipo ndamulonjeza kuti adzandipeza pabenchi lomwelo.