Florida State inalandidwa mwayi wake mu 2023

Abale anga okonda mpira wa ku America wa m'makoleji, nkhani ya Florida State imandiwawabe mpaka lero. Timu inasewera masewero 13 n'kupambana onse, inatenga chikho cha ligi yake ya ACC (Atlantic Coast Conference), koma pa 3 December 2023 komiti yosankha matimu anayi olowa m'ndime ya chipulula inaisiya kunja. Chiyambire dongosolo limeneli mu 2014, zinali zisanachitikepo kuti akatswiri a ligi imodzi mwa zisanu zikuluzikulu, osagonjapo n'kamodzi komwe, atsekeredwe khomo.

Takumbukirani mmene anyamata a kochi Mike Norvell anayendera. Anayamba ndi kukwapula Louisiana State (LSU) 45-24 ku Orlando, LSU ya Jayden Daniels amene anadzatenga mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, chaka chomwecho. Kenako anakagonjetsa Clemson pakwawo, 31-24, m'nthawi yoonjezera. Tsoka linagwa pa 18 November pamene quarterback wawo (woponya mpira amene amatsogolera timu pofuna kugoletsa) Jordan Travis anathyoka mwendo posewera ndi North Alabama. Ambiri anati basi, zathera pompa. Koma sabata yotsatira anakapambana 24-15 ku Gainesville, kwa Florida, adani awo akale, atatsogoleredwa ndi Tate Rodemaker. Nayenso Rodemaker anavulala m'mutu tsiku lomwelo, moti fainolo ya ACC yolimbana ndi Louisville ku Charlotte anayamba ndi Brock Glenn, mnyamata wa chaka choyamba. Otchinga kumbuyo anasenza timu pamsana, Louisville sinaone touchdown (chigoli chofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo) ngakhale imodzi, masewero n'kuthera 16-6.

Kwa ine apa m'pamene timu imaonekera kuti ndi timu. Komiti inaona mwina. Wapampando wake, Boo Corrigan, anafotokoza kuti popanda Travis, Florida State sinalinso timu yomwe ija, ndipo malo anapita kwa Alabama. Sindikunyoza Alabama ayi, kugonjetsa Georgia 27-24 mu fainolo ya ligi yake ya SEC (Southeastern Conference) si chinthu chamasewera. Koma Alabama yomweyo inagonja pakhomo pake ku Tuscaloosa, 34-24, ndi Texas, ndipo kutangotsala sabata imodzi kuti ikumane ndi Georgia inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi ku Auburn ndi mpira umodzi woponyedwa kumapeto. Kumbali ya Alabama, a komiti anawerenga zimene zinachitikadi pabwalo. Kumbali ya Florida State analosera zimene akuganiza kuti zikanachitika. Ndiye masewero a mu ligi n'ngachiyani, ngati anthu 13 okhala m'chipinda angathe kufafaniza ntchito ya miyezi itatu?

M'nyengo ya masewero ya 2014 Ohio State inatenga chikho cha dziko lonse ndi Cardale Jones, amenenso anali quarterback wachitatu. N'zoona kuti iye anaswa Wisconsin 59-0 pomwe Glenn anavutika kuponya. Komabe Ohio State inapatsidwa mpata woti ikayankhe pabwalo.

Ndikudziwa ena mubwera ndi 63-3 ya masewero otsekera chaka a Orange Bowl, mmene Georgia inathidzimulira Florida State pa 30 December. Chonde, tinene zoona. Jared Verse, Keon Coleman, Trey Benson ndi ena ambiri sanasewere, chifukwa anali atayamba kukonzekera NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ndipo mtima unali utasweka kale. Imene inagonja tsiku lija si timu imene inatenga chikho ku Charlotte.

Chimene sukuluyi inatolapo n'chakuti dzina la ACC ndi lopepuka poliika pa sikelo ndi SEC, ndipo December yemweyo inakasumira ligi yake kukhoti, kufuna njira yotulukira m'pangano la ndalama za wailesi yakanema lomwe linaimanga mpaka 2036. Mu 2024 matimu olowa m'chipulula anawonjezeredwa kufika pa 12, ndipo akatswiri a maligi asanu amene komiti yawaika pamwamba anapatsidwa malo awo osungidwa. Ndi kukonza kwabwino, kungoti kunafika anyamata aja atabalalika kale.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Travis. Tsiku la chigamulo analemba pa intaneti kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka koyambirira kwa chaka, kuti anthu aone kuti timu ija sinali quarterback yekha. Mnyamata ali pandodo, n'kumapepesa anzake chifukwa chovulala.