Saguaro wamkulu musiyeni pomwe anamera

Anthu ena amagula kakitasi (chomera chaminga chosunga madzi) wamkulu wa m'chipululu n'kukamuwokera pakhomo kuti nyumba ioneke yapamwamba. Ine zimenezi sindigwirizana nazo, makamaka akakhala saguaro, uja wa m'chipululu cha Sonora ku Arizona m'dziko la America ndi ku Mexico.

Saguaro amakula mochedwa zedi. Akakwanitsa zaka 8 amakhala asanafike ngakhale masentimita 5. Nthambi zake zija zooneka ngati mikono zimayamba kutuluka ali ndi zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo amatha kukhala moyo zaka 150 mpaka 200. Ndiye wogula wamikono uja akugula chomera chomwe mwina chinamera agogo ake asanabadwe.

Vuto lalikulu lili pansi. Mizu yake yambiri siyilowa kwambiri, imayala m'mwambamwamba mozungulira, kutalika pafupifupi kufanana ndi msinkhu wake, kuti izitola madzi mvula ikangowaza. Pomuzula, yambiri imaduka n'kutsala komweko. Odziwa ntchitoyi amayesetsa ndithu: amalemba chizindikiro mbali yoyang'ana kum'mwera kuti akamudzale choyang'ana komweko asawauke ndi dzuwa, amasiya mabala a mizu aume kaye, amamuchirikiza ndi matabwa, ndipo samukwirira kupitirira pomwe dothi linkalekezera. Komabe akuluakulu ambiri sagwira.

Chondinyansa n'chakuti kufa kwake sikuoneka msanga. Thupi lake ladzaza madzi, choncho amatha kuima wobiriwira kwa zaka zingapo akudya zomwe anasunga, mwininyumba akumujambula n'kumaika pa Facebook. Pomwe azidzawola n'kugwa, wogulitsa anadya kale ndalama. Ndipotu chinthu cholemera matani chikagwera galimoto kapena munthu si masewera.

Msika umenewu wabala akuba. Lamulo la ku Arizona limafuna chilolezo ndi chizindikiro chochokera ku dipatimenti ya zaulimi munthu asanasamutse saguaro, koma anthu amakumbabe usiku. Zinafika poti oyang'anira Saguaro National Park, pafupi ndi Tucson, anayamba kubaya tizipangizo ta microchip m'zomerazi kuti zobedwa zizidziwika. Wakubayo samaganizako za gogomole amene amaboola chisa m'thunthumo, kapena timakadzidzi timene timalowa m'mphakomo gogomole akachoka.

Pamene pakudutsa msewu kapena akumanga nyumba, apo mpomveka, kusamutsa kuli bwino kusiyana n'kugwetsa ndi thalakitala. Gulu la Tucson Cactus and Succulent Society limapulumutsa zomera zotere. Koma kuzula wathanzi chifukwa cha kukongola basi, ayi.

Mu 2023 ku Phoenix, mzinda wa ku Arizona, kunatentha madigiri 43 kapena kuposa kwa masiku 31 otsatizana, ndipo a saguaro ena okhazikika kale anathothoka mikono n'kugwa. Nanga wopanda mizu angapirire bwanji? Ngati mukumufunadi, gulani wamng'ono wa ku nazale, wosafika mita imodzi. Amagwira bwino, ndi wotchipa, ndipo anthu awiri amunyamula popanda kuitana kireni.