Sitidzasiyanso kulankhula Chichewa ndi mwana wathu wa autism

Mwana wanga wamwamuna, amene tsopano ali ndi zaka 8, anapezeka ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kuzolowerana ndi anthu) ali ndi zaka 4, ndipo langizo loyamba limene tinalandira kwa anthu otifunira zabwino linali lakuti tisiye kumulankhula Chichewa. Ankati popeza mawu akumuvuta kale, zilankhulo ziwiri zimusokoneza, choncho tigwiritse Chingerezi chokha chimene adzachifune kusukulu. Tinamvera kwa miyezi ingapo, ndipo lero ndikufuna kunena poyera kuti langizo limeneli ndi lolakwika.

M'miyezi imeneyo pakhomo pathu panangoti zii. Agogo ake, amene amaswera naye ife tikapita kuntchito, sadziwa Chingerezi, ndiye anayamba kumudyetsa phala ndi kumusambitsa osatulutsa mawu, poopa kuti angamuwonongere tsogolo. Mwana amene ankafunika kumva mawu ambiri kuposa anzake ndi amene tinamumana mawuwo. Akatswiri amene anayerekeza ana a autism okulira m'mabanja a zilankhulo ziwiri ndi anzawo omva chilankhulo chimodzi sanapeze kuti chachiwiricho chimachedwetsa kulankhula. Ine ndimaonanso kuti mwana amene amavutika kale kuzolowerana ndi anthu sitiyenera kumutsekera chilankhulo chimene agogo, asuweni ndi ana anzake akumpanda amasewerera nacho.

Titabwerera ku Chichewa, tinasintha kalankhulidwe kathu. Tinasiya kumupanikiza ndi mafunso akuti "ichi n'chiyani?" ndipo tinayamba kungotchula zimene akuchita m'mawu afupiafupi: akamamwa timati "madzi", akamavala timati "vala nsapato". Pa chakudya timamuonetsa nthochi ndi mbatata, n'kudikira kuti asankhe. Kudikirako ndiko kovuta, chifukwa mtima wa kholo umathamangira kumuyankhira mwana, koma iye amafuna kanthawi kuti zimene wamva zikhazikike asanayankhe. Akaloza ndi chala kapena kundikoka dzanja, ndimazilandira ngati mawu, kenako ndimamutchulira dzina la chinthucho.

Zithunzi zinatithandiza kwambiri. Pali njira yotchedwa PECS, imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa ku America mu 1985, yakuti mwana apereke chithunzi cha chinthu chimene akufuna n'kulandira chinthucho. Ife tinajambula pa foni kapu yake, chimbudzi, mpira ndi chikwama cha kusukulu, tinasindikiza n'kumata pa zidutswa za katoni. Abale ena ankada nkhawa kuti akazolowera zithunzi sadzalankhula, koma kwa iye mawu oyamba anatulukira pa zithunzi zomwezo, ndipo kulira kwa madzulo kunachepa chifukwa anapeza njira yotiuzira chimene akufuna. Ngakhale chizolowezi chake chobwereza mawu a ena, chimene ambiri amachiyesa mwano, tinaphunzira kuchimvetsera: akanena kuti "ukufuna tiyi?" ndiye kuti iyeyo ndi amene akufuna tiyi.

Pa ntchito ya kusukulu maganizo anga ndi akuti kumaliza tsamba lonse kulibe phindu ngati mwana walimaliza akulira. Timakhala pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, wailesi itazimitsidwa, kwa mphindi 10 zokha, kenako amapuma. Masamu 10 ndimawaphimba ndi pepala kuti aziona imodzi nthawi imodzi, ndipo powerengera timagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo. Amakonda maminibasi kuposa china chilichonse, choncho kuphatikiza ndi kuchotsera timaphunzira pokweza ndi kutsitsa anthu m'minibasi yojambula papepala. Mawu a Chingerezi amene wabwera nawo kusukulu timawaika pambali pa a Chichewa ndi chithunzi chimodzi, kuti aone kuti "galu" ndi "dog" ndi nyama yomweyo.

Aphunzitsi sindiwaimba mlandu. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi m'sukulu za boma ndi odzaza, ndipo amene anaphunzira za ana ofuna chithandizo chapadera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu sangakwanire sukulu iliyonse. N'chifukwa chake ndinagula kope laling'ono limene limayenda m'chikwama mwake: aphunzitsi amalembamo zimene aphunzira ndi zimene zamuvuta, ine ndimalembamo mmene wagonera ndi mawu atsopano amene watchula. Sabata yatha ndinalembamo kuti anabweza mbale kwa agogo ake n'kunena kuti "yatentha", ndipo agogowo, amene tinawaletsa kulankhula naye zaka zinayi zapitazo, anamuyankha m'Chichewa kuti adikire izizire.