Fupa la pachifuwa silidziwa kuti munthu ndi ngwazi

Kavidiyo kamene kakuzungulira m'magulu a othamanga pa WhatsApp kandikwiyitsa, ndipo sindibisa. Bambo amene anang'ambidwa chifuwa pa opaleshoni ya mtima masabata 5 okha apitawa, anzawo a kalabu awaveka malaya a mpikisano, awaimika kutsogolo, nyimbo ili pakamwa, wina akuwakoka dzanja kuti athamangeko kamtunda kakang'ono. Pomaliza anyamata awiri awagwira m'khwapa n'kuwanyamula m'mwamba. M'khwapa! Munthu amene fupa lake la pachifuwa langomangidwa ndi mawaya. Pansi pake ndemanga zili mbwee, ati ngwazi yadzuka, ati mtima wa mkango. Inu anthu, mumawakondadi bambo amenewa?

Mwina simudziwa chimene chimachitika m'chipinda cha opaleshoni muja. Pa bypass (kulumikiza mtsempha wina kuti magazi alambalale mtsempha wa mtima umene watsekeka) kapena posintha valavu ya mtima (kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo), dokotala amacheka fupa lapakati pa chifuwa kuyambira pansi pa khosi mpaka pamwamba pa mimba, amalikanula kuti afike pamtima, ndipo akamaliza amalibweza n'kulimanga ndi mawaya achitsulo chosachita dzimbiri. Khungu limapola msanga, masabata awiri kapena atatu chilonda chauma, ndipo ndi chimene chakupusitsani. Fupa limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndipo kuti lilimbe ndithu pamapita miyezi pafupifupi 3. Pa sabata yachisanu lidakali ngati mwendo wa mpando umene kalipentala wangoumata guluu, inu n'kukhalapo kuti muone ngati wagwira. Likasuntha, wodwala amamva kuti kwete kwete akamatsokomola kapena kutembenuka pabedi, ndipo mpata umenewo ndi khomo la tizilombo. Matenda akalowa kuseri kwa fupa limenelo munthu amabwerera ku opaleshoni ina, ndipo ena sabwerako.

N'chifukwa chake amauzidwa kuti asanyamule chilichonse choposa makilogalamu 4 kapena 5. Ndowa ya malita 20 yodzaza madzi ndi makilogalamu 20. Mwana wa chaka chimodzi waposa kale muyeso umenewo. Khasu ayi, nkhwangwa ayi, kukankha galimoto imene yazima ayi, ngakhale kudzikankha ndi manja podzuka pampando sikuloledwa, amadzuka ndi mphamvu ya miyendo manja ali pachifuwa. Chiwongolero asachigwire kwa masabata 4 mpaka 6. Ndiye munthu amene akuletsedwa kunyamula mdzukulu wake, inu mukumunyamula iyeyo, thupi lonse litalendewera pamapewa. Kuthamanga sikufika, abale anga.

Mwa odwala onse, wothamanga mitunda italiitali ndiye wovuta kwambiri kumusamala. Zaka zonse wakhala akudziphunzitsa kunyoza ululu. Pa kilomita ya 35 ya marathon, mpikisano wa makilomita 42, thupi limamuuza kuti ima, iye amakana, ndipo amapambana chifukwa chokana. Khalidwe lomwelo ndi limene lingamuphe lero. Miyendo yake imakumbukira msewu, imadzuka msanga kuposa chifuwa, ndiye iye amakhulupirira miyendoyo. Safuna womulimbikitsa munthu wotere, chilimbikitso ali nacho chambiri mpaka chikusefukira. Amafuna mnzake wolimba mtima womuuza kuti achimwene, lero zakwana, tiyeni tibwerere.

Wotchi yake ija imene amayezera kugunda kwa mtima nayonso tsopano ikumunamiza. Ambiri akatuluka amapatsidwa mankhwala a mtundu wa beta blocker, monga bisoprolol, metoprolol kapena carvedilol, amene amaugwira mtima kuti usagunde mothamanga. Manambala amene anazolowera kale sagwiranso ntchito. Akafuna kufikira nambala yakale adzadzipanikiza mpaka chizungulire, wotchi ikumuuzabe kuti sanayambe n'komwe. Muyeso wabwino panopa ndi pakamwa: ngati akuyenda ndipo akutha kucheza chiganizo chonse osapumira pakati, ali bwino. Mawu akayamba kuduka, wapyola. Onjezani apo kuti magazi ake adakali ochepa chifukwa ena anatayika pa opaleshoni, komanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mtima wake umasokonekera kagundidwe m'masiku oyambirira, zimene madokotala amati atrial fibrillation, ndipo nthawi zina zimabweranso ali kale kunyumba. Amene munkaimba nyimbo muja, mukanatani akanagwa? Ndani mwa inu amadziwa kupopa chifuwa, chifuwa chake chomwecho chosagwirana?

Pali ena m'ndemanga muja akutchula Dave McGillivray, amene kwa zaka zambiri anali mkulu woyendetsa mpikisano wa Boston Marathon ku America, ati iye anatha bwanji. Nkhani yake muziiwerenga yonse. Anachitidwa bypass ya mitsempha itatu mu October 2018 ali ndi zaka 64, ndipo anathamanga Boston mu April 2019. Werengani pa zala: miyezi 6. Anali m'manja mwa madokotala a mtima amene ankamuyeza ndi kumuloleza sitepe iliyonse, mumzinda umene muli zipatala zina zapamwamba kwambiri padziko. Inu mwatenga chithunzi chake chomaliza n'kutaya miyezi yonse imene anali kuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Ndipo phunziro la nkhani yake mwaliphonyanso. Uyu ndi munthu amene mu 1978 anathamanga kudutsa America yense m'masiku 80, koma mitsempha yake inatsekekabe. Za kumtundu, kadyedwe, zaka, zonse zimalowamo. Liwiro silitsuka mitsempha.

Ngati kalabu ikufunadi kuthandiza, ntchito ilipo yambiri, koma ndi yosajambulika. Gawanani masiku, munthu mmodzi patsiku, wobwera kudzayenda nawo. Sabata yoyamba kunyumba ndi mphindi 5 zokha, katatu kapena kanayi patsiku, pamalo osakwera, m'mawa kapena madzulo dzuwa litafooka, ndipo osati atangodya kumene. Muzionjezera mphindi imodzi kapena ziwiri malinga ndi mmene akumvera, kuti pofika sabata ya 6 azikwanitsa mphindi 30. Woperekezayo aziyenda pa liwiro la wodwala, phewa ndi phewa, asatsogole, chifukwa wothamanga akaona nsana wa mnzake kutsogolo magazi amamuwira. Chifuwa chikathina, mpweya ukachepa, mutu ukazungulira, mtima ukamagunda modumphadumpha, muime pomwepo ndipo dokotala adziwe tsiku lomwelo.

Muwagulire kapilo kakang'ono kokumbatira pachifuwa akamatsokomola kapena kuyetsemula, ndipo pagalimoto kakhale pakati pa lamba ndi chilonda. Kachipangizo kopumira kamene amapatsidwa kuchipatala, kokhala ndi timipira kaja, azikoka kakhumi pa ola lililonse ali maso, chifukwa munthu woopa ululu amapuma mosafika pansi, mapapo amafota, chibayo n'kulowa. Muwagulire sikelo. Aziima pa sikelo m'mawa uliwonse atachoka kuchimbudzi asanadye, nambala ilembedwe m'kabuku. Akakwera kilogalamu imodzi pa tsiku limodzi, kapena makilogalamu 2 pa sabata, si nsima imeneyo, ndi madzi akudzadza m'thupi. Ngati madokotala anachotsa mtsempha kumwendo kuti augwiritse ntchito pa bypass, mwendowo umatupa, ndiye akakhala pansi aziukweza pa mpando wina. Thupi likatentha kufika 38, kapena chilonda chikafiira, kutupa kapena kutulutsa madzi, musadikire kuti kuche. Wina atunge madzi, wina awaze nkhuni, wina apite kuchigayo, wina apumitseko mayi a kunyumba amene sanagone tulo tabwino chiyambire. Ndipo muzikhala nawo pansi n'kucheza, chifukwa anthu ambiri akachitidwa opaleshoni ya mtima amagwa mphwayi, amakwiya msanga, ena amalira okha usiku, makamaka munthu amene moyo wake wonse unali pamsewu 5 koloko m'mawa.

Kuthamanga kudzabwera, koma kuli ndi khomo lake. Dokotala wa mtima ayambe waunika mtima ndi echo, makina ojambula mtima, awayendetse pa makina oyezera aja ali ndi mawaya a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima, pachifuwa, aone mmene mtima ukuchitira ukapanikizidwa. Kawirikawiri nkhani ya kuthamanga siyambika miyezi 3 isanakwane, ndipo ikayambika ndi mphindi imodzi yothamanga pang'ono, zingapo zoyenda, kubwereza. Ku America pulogalamu yobwezeretsa mphamvu ya mtima nthawi zambiri imakhala maulendo 36 pa masabata 12, munthu akuchita masewera namwino ali pambali kuyang'ana makina. Kwathu kuno ambiri alibe mwayi umenewo, ndiye anzake ndi amene ayenera kukhala mabuleki. Sunga khosi mkanda uoneke. Inu mwafulumira ndi mkanda, khosi mwaliiwala.

Chinanso chimene chimanditopetsa ndi kasonkhedwe kathu. Munthu akamapita ku India kapena ku South Africa kukachitidwa opaleshoni, ndalama zimagwa ngati mvula, zithunzi pabwalo la ndege, aliyense akuoneka. Akabwera, zii. Pamene mankhwala ndi a tsiku ndi tsiku, ena a moyo wonse. Amene anaikidwa valavu yachitsulo amamwa warfarin, mankhwala osungunula magazi, mpaka kalekale, ndipo magazi ake ayenera kuyezedwa INR, muyeso wa kaundanidwe ka magazi, pafupipafupi, poyamba mwina sabata iliyonse, chifukwa mankhwala akachepa magazi amaundana pa valavu, akachuluka munthu amakha magazi mkati. Thiransipoti yopita kokayezetsako palibe amene amaisonkhera. M'malo mwake alendo akubwera gulu, ena ndi chimfine chawo, kudzaza pabalaza, atanyamula tchipisi ndi soseji zamchere, wina ndi botolo la zitsamba losalembedwa kanthu ati limatsuka magazi. Wina wamva kuti masamba ndi abwino, ndiye sabata ino mpiru ndi bonongwe mbale zodzaza katatu patsiku, sabata yamawa osaoneka n'komwe. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K amene amalimbana ndi warfarin, choncho munthu azidya muyeso wofanana masiku onse, asamasinthesinthe. Ululu ukabwera wina akutulutsa ibuprofen kapena diclofenac m'chikwama, osadziwa kuti pamodzi ndi mankhwala osungunula magazi amatha kukhetsa magazi m'mimba. Ndipo amene mukuwauza kuti ataye mapiritsi chifukwa mwawapempherera, dzina lanu lilembedwe penapake kuti tidzadziwe wokamufunsa.