Ola limodzi ndi lokwanira kuthamangitsa magalimoto a okwera sitima

Abale anga okhala m'madera a kunja kwa London, kalata ya khonsolo yofunsa ngati mukufuna CPZ (Controlled Parking Zone, dera limene pa maola ena oimika magalimoto ndi okhawo okhala ndi chiphaso) mumsewu wanu ikafika, musaiponye m'bini. Anthu amathamangira kuyankha kuti inde kapena ayi, pamene nkhani yeniyeni ili pa funso lachiwiri: lamulolo lizigwira ntchito maola ati? Yankho langa n'lakuti ngati vuto ndi anthu okwera sitima, ola limodzi kapena awiri masana n'lokwanira.

Munthu wochokera kutali amafika pa siteshoni cha m'ma 7 koloko m'mawa, aona kuti malo oimikapo a pasiteshoni ndi olipira, basi akasiya galimoto mumsewu wa nyumba za eni, n'kukwera sitima. Amabwerako cha m'ma 6 koloko madzulo. Msewuwo ndi wa boma, ndipo malamulo a ku England sapatsa mwini nyumba ufulu uliwonse pa malo a kutsogolo kwa geti lake. Amene amaikapo mabini kuti asunge malo ndi amene ali olakwa. Njira yokhayo ndi lamulo la khonsolo, pansi pa Road Traffic Regulation Act ya 1984, lonena kuti pa maola akutiakuti oimika ndi okhawo okhala ndi chiphaso.

Taganizani tsopano. Lamulo likati kuyambira 11 koloko mpaka 12 koloko masana pakufunika chiphaso, wokwera sitima uja ali ku ofesi ku Canary Wharf. Sangabwere kudzasuntha galimoto. Akalandira chindapusa kawiri, sabweranso. Koma maola ena onse msewu ndi womasuka: mlendo wanu aimika ulere, wokonza mipope aimika ulere, mwana wobwera kudzaona agogo ake madzulo aimika ulere. Lamulo la 8 koloko m'mawa mpaka 6:30 madzulo limathamangitsa wokwera sitima yemweyo, koma limalipiritsanso aliyense wogogoda pakhomo panu. Amene amamva kuwawa kwambiri ndi osamalira okalamba m'makomo, ntchito imene Amalawi ambiri kuno akugwira. Munthu woyendera nyumba zisanu ndi zitatu patsiku, mphindi 30 kapena 45 pa nyumba, amataya nthawi pofunafuna poimika, ndipo chindapusa chimodzi chimadya malipiro a maola angapo. Makhonsolo ambiri ali ndi chiphaso cha osamalira odwala, koma khonsolo iliyonse ili ndi chake, ndipo cha dera lina sichigwira ntchito m'dera loyandikana nalo.

Ola limodzi lili ndi zofooka zake, tisanamizane. Pafupi ndi chipatala, masitolo kapena bwalo la mpira siligwira, chifukwa anthu amabwera nthawi zosiyanasiyana. Wogwira ntchito pa ofesi yapafupi amangotuluka, asuntha galimoto, ola likatha aibweza. Komanso woyang'anira wopereka zindapusa mmodzi sangayende misewu makumi awiri mu ola limodzi, n'chifukwa chake makhonsolo anzeru amasiyanitsa maola: dera ili 10 mpaka 11, linalo 1 mpaka 2, kuti munthu yemweyo afike konse.

Musanayankhe kalatayo, werengani magalimoto. Werengani usiku pakati pa sabata, a khonsolo ya Lambeth, mu London, amawerenga pakati pa 12:30 ndi 5:30 m'bandakucha kwa masiku awiri, chifukwa nthawi imeneyo oimika ndi eni dera okhaokha. Kenako werengani masana. Msewu ukakhala wodzaza masana koma wopepuka usiku, olakwa ndi okwera sitima ndipo CPZ ikuthandizani. Ukakhala wodzaza usiku, vuto ndi inu eni, nyumba imodzi magalimoto atatu, ndipo mudzalipira chiphaso chaka chilichonse n'kumazungulirabe madzulo. Chiphaso chimangokulolani kufunafuna malo, sichikusungirani malo.

China chimene kalata sinena momveka n'chakuti malo amachepa mizere ikajambulidwa. Tengani mbali imodzi ya msewu yotalika mamita 100. Galimoto iliyonse itatenga mamita 5.5, mukwana 18. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, imati musaimike pasanathe mamita 10 kuchokera pa mphambano, choncho khonsolo imajambula mizere iwiri yachikasu yoletsa kuimika m'makona, mamita 20 apita. Onjezani mageti atatu olowera magalimoto kuseli kwa mpanda, mwatsala ndi malo 11 kapena 12. Ndipo aliyense woipidwa ndi mtengo wa chiphaso akathira simenti pa kapinga wake n'kupempha kuti atsitse m'mphepete mwa msewu, malo enanso amodzi a onse atha.

Malire a dera ndiwo amayambanitsa anthu oyandikana. Wokwera sitima sasiya galimoto kunyumba chifukwa cha chikwangwani, amangopita msewu wotsatira. Kuyenda mamita 800 ndi mphindi khumi zokha, ndipo ambiri saona vuto. Msewu umene unakana CPZ chifukwa kunalibe vuto umadzuka uli wodzaza, n'kuyamba kulemba makalata opempha kulowa. Malire ayenera kufika pamene munthu amatopa kuyenda, kapena pa chinthu chodula njira monga msewu waukulu kapena njanji.

Pa ndalama, kumbukirani mlandu wa khonsolo ya Barnet, kumpoto kwa London. Mu 2011 khonsoloyo inakweza chiphaso kuchoka pa £40 kufika pa £100, ndipo tikiti ya mlendo kuchoka pa £1 kufika pa £4. David Attfield, wokhala m'deralo, anaitengera kukhoti, ndipo mu 2013 High Court inagamula kuti kukweza mitengo n'cholinga chopeza ndalama za ntchito zina za mayendedwe kunali kosaloledwa. Lamulo limalola kuti ndalama zikatsala zigwire ntchito za misewu ndi mayendedwe, koma sililola kuika mtengo pofuna kuti zitsale. Choncho funsani kuti mtengowo auwerengera bwanji.

Kalata yoyamba imangofunsa maganizo, si voti yomanga khonsolo. Gawo lolemera ndi lotsatira: chidziwitso cha lamulo chikamatidwa pa mitengo ya magetsi ndi kusindikizidwa m'nyuzipepala, mumakhala ndi masiku osachepera 21 olemba zotsutsa. Likakhala lamulo loyeserera, limatha kukhala mpaka miyezi 18, ndipo zotsutsa zimalandiridwa m'miyezi 6 yoyamba. Kalata yongoti sitikufuna silemera kanthu. Lembani dzina la msewu, masiku amene munawerenga, chiwerengero cha usiku ndi cha masana, ndi maola amene mukufuna m'malo mwa awo.